Kathumba ka Kabatani

"Ndiye mwati mwakasiya kuti?"

Atelala anafunsa osadzutsa mutu. Anali ndi mapini awiri pakamwa, ndipo mawu ankatulukira m'mbali mwa mlomo. Mkazi wawo, mphunzitsi wa kalasi yachitatu amene aliyense ankangomuti Madamu, anali atangotula makope a ana pa tebulo. Nsapato anali asanavule n'komwe.

"Ndanena kale. Kali mu kabati ya ahedi."

"Kapampu ka mwana."

"Eya."

"Mu kabati."

"Pamodzi ndi mankhwala a ana ena onse. Si ka Kabatani kokha ayi."

Atelala anachotsa mapini aja pakamwa n'kuwabaya pa kansalu ka pa makina, lina kaye, kenako linzake. Munthu ameneyu sankadziwa kukalipa. Akakwiya ankangoyamba kuchita zinthu pang'onopang'ono, ndipo Madamu ankadana nazo zimenezo kuposa phokoso.

"Nanga kabatiyo imatsegulidwa ndi chiyani?"

"Ndi kiyi. Mumafuna itsegulidwe ndi supuni?"

"Kiyiyo amasunga ndani?"

"Ahedi."

"Ndiye kuti mpweya wa mwana wanga ukuyenda m'thumba la buluku la ahedi. Buluku lakelo ndinasoka ndine. Ndikanadziwa, ndikanalimbitsa thumba."

Kabatani, mtsikana, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali pakhonde akusanja mabatani a bambo ake pa chivindikiro cha chitini, ofiira paokha, oyera paokha. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, komanso chifuwa cha mphumu. Chikamugwira, pachifuwa pake pankalira likhweru, mapewa ankakwera m'makutu, ndipo chomubweza chinali kapampu kabuluu kofinyira m'kamwa. Kufinya kawiri, kudikira pang'ono, basi mwana wabwerera. Timapampu tinalipo tiwiri, kena ka pa shelefu ya kunyumba, kena ka m'chikwama cha kusukulu. Kamene kankakanganitsa anthu ndi kam'chikwamako.

"Inu mukuyankhula ngati simunamve zimene zinachitika temu yatha," anatero Madamu. "Mwana anabweretsa mapilitsi a agogo ake n'kugawira anzake ngati masiwiti. Ana atatu anagona pa desiki mpaka dzuwa kupendeka, makolo anatsala pang'ono kutidya osaphika. Lamulo ndi loti mwana asasunge mankhwala alionse m'thumba. Lamulo siliona nkhope. Ndiye ine amene ndinalilemba pa chipepala ndi dzanja langali, ndiyambe ndine kuliphwanya?"

"Munalemba ndinu?"

"Ahedi anati ndili ndi dzanja labwino."

"Dzanja labwino muli nalodi. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi a Kabatani. Wa mu kabati ngwa mphepo."

"Mwana ali m'kalasi mwanga. Maso anga ali pa iye kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza. Kuchoka pa desiki yake kufika ku ofesi ndi mapazi makumi anayi. Ndinawerenga."

"Munawerenga inu, munthu wopuma bwino."

Madamu anasowa choyankha, ndipo munthu akasowa choyankha amatola mwala uliwonse umene uli pafupi.

"Sukulu imene mukuinyozayo ndi imene ikutidyetsa muno. Makina anuwo mwezi uno asoka chiyani kupatula zigamba?"

Atelala anayang'ana makina awo ngati funsolo lapita kwa makinawo. Kenako anaponda chopondera, ndipo nkhani inathera mu phokoso la singano. Madamu anadikira kuti chisoni chimugwire chifukwa cha mawu amenewo, koma sichinabwere. Anali atatopa, basi. Anavula nsapato n'kuyamba kuchonga makope.

Inali nyengo ija kuzizira kwangotha, mitengo yayamba kuphuka. Anthu a m'mabuku amaikonda nyengo imeneyi, koma anthu a m'mabukuwo sanaphunzitsepo ana makumi asanu ndi limodzi m'chipinda cha mawindo awiri. Mitengo yozungulira bwalo la sukulu inachita maluwa nthambi zonse, ndipo mungu wachikasu unkagwa paliponse, pa madesiki, pa bolodi, m'tsitsi la ana. Mphepo inkaunyamula n'kuusakaniza ndi fumbi. Mwana mmodzi akayetsemula kutsogolo, kuyetsemulako kunkayenda benchi ndi benchi mpaka kukafika kukhoma. Maso ofiira, mamina mbwee, zikhosomo zosatha. Madamu ankaphunzitsa kuchotsera ndi kuphatikiza pakati pa chisokonezo chimenecho, mpango uli kudzanja.

Ahedi anali ndi nkhawa ina. Kumapeto kwa mweziwo kunkabwera alendo oyendera ukhondo wa masukulu, ndipo sukulu yopambana inkalandira chikho. Zaka zitatu zotsatizana sukulu yawo inkathera pa nambala yachiwiri. Ahedi sanali munthu woipa, tisawanamizire. Ankadziwa mwana aliyense ndi kholo lake. Koma chikho chija chinali chitawalowa m'mutu ngati nyimbo ya m'mawa, ndipo tsamba limodzi pabwalo linkawapweteka kuposa dzino.

Choncho m'mawa uliwonse, belu lisanalire, ana onse ankagwira matsache. Ankasesa dothi louma ataima mzere, fumbi n'kukwera mpaka kuphimba mbendera, kenako n'kulowa nalo m'kalasi. Sabata yoyamba Madamu anamuuza Kabatani kuti azipukuta bolodi m'malo mosesa. Sipanathe masiku atatu adepute, wachiwiri kwa ahedi, mayi wa lilime lakuthwa ngati lumo, anaitulutsa nkhaniyo m'chipinda cha aphunzitsi akukoza supuni mu kapu ya tiyi.

"Ndamva kuti m'kalasi yachitatu muli ana a mitundu iwiri, a tsache ndi a dasitala. Makolo ayamba kufunsa kuti dasitalayo amalembetsa kuti."

Aphunzitsi anaseka, ena mokakamiza. Madamu anasekanso nawo. Mawa lake Kabatani anapatsidwa tsache.

"Uzisesera kumapeto kwa mzere, kumene mphepo ikuchokera," anamuuza motsitsa mawu.

"Chabwino, Amayi."

"Kuno ndine ndani?"

"Chabwino, Madamu."

Limenelo linali lamulo lina, la awiriwo. Kunyumba Amayi, mkati mwa mpanda wa sukulu Madamu. Kabatani ankalisunga bwino, kupatula akaiwala.

Lachinayi la sabata yachiwiri likhweru linayamba pakati pa phunziro la kuwerenga. Madamu anamugwira mwana dzanja, ndipo mapazi makumi anayi aja anakhala makumi asanu ndi awiri, chifukwa mwana wobanika sayenda ngati munthu wowerenga mapazi. Chitseko cha ofesi chinali chotseka. Mkati ahedi ankakambirana ndi kholo lina za mbuzi zolowa m'munda wa maluwa. Madamu anagogoda. Ahedi anamuuza kuti adikire pang'ono. Anadikira, Kabatani atatsamira khoma, pansi penipeni pa chipepala cha lamulo chija.

Kholo lija litatuluka, ahedi anafufuza m'matumba onse, anapeza kiyi, anatsegula kabati yachitsulo, n'kutulutsa buku. Dzina la mwana, kalasi, nthawi, dzina la mankhwala, siginecha ya mphunzitsi. Kenako envelopu. Kabatani anafinya kawiri. Patapita kanthawi mapewa anatsika.

"Mwaona, Madamu?" anatero ahedi akumusisita mwana pamutu. "Dongosolo likuyenda."

Madzulo Kabatani anawafotokozera bambo ake zonse, osati modandaula ayi, ankangosimba ngati nkhani ya mbuzi. Atelala anamvetsera mpaka kumapeto.

"Unadikira nthawi yaitali bwanji?"

"Ndinawerenga chipepala chonse kawiri. Mawu akuti *kuphwanya* ndinalephera koyamba."

Atelala sanamuyang'ane n'komwe mkazi wawo. Loweruka masana anatenga diresi la yunifomu la mwana n'kukhala nalo pa makina, chitseko chotseka.

Madamu anazindikira Lamlungu akusita. Simbi inakhumudwa pa kanthu m'chiuno mwa diresi, mkati, pansi pa lamba. Anatembenuza. Panali kathumba kakang'ono ka nsalu yofanana ndendende, ulusi wake wosaoneka, kotseka ndi batani limodzi loyera. Ntchito yokongola, yoti ngakhale mdani angaiyamikire. Anayang'ana pa shelefu, ndipo kapampu ka kunyumba kanalibe. Anaima ndi simbi m'manja mpaka makala anayamba kuzirala. Kenako anasita mozungulira kathumbako, anapinda diresi, n'kuliika pa mpando. Sananene kanthu, atelala nawonso sananene kanthu, ndipo sabata yonse yachitatu inadutsa mwamtendere, mtendere wa anthu awiri amene akudziwa chinthu chimodzi koma akuchilambalala.

Alendo anayenera kufika Lolemba la sabata yachinayi, dzuwa lisanafike pamutu. Lolemba ndi tsiku loyendera ana pa mzere: zikhadabo, mano, tsitsi, makutu, matumba. Sabata imeneyo woyendera anali Madamu, ndipo adepute ankayenda pambuyo pake, manja kumbuyo, chifukwa linali tsiku lalikulu. M'matumba a ana munkatuluka zachizolowezi, zoponyera mbalame, zitsekerero za mabotolo, chiwala chakufa. Atafika pa Kabatani, Madamu anayang'ana zikhadabo, anayang'ana m'makutu, anapisa m'thumba lakunja. Dzanja lake linakhudza m'chiuno, linamva kanthu kolimba kaja, n'kupitirira. Anafika kwa mwana wotsatira.

"Madamu," anatero adepute. "Ana a eni ake mukuwapapasa ngati nkhuku ya pamsika. Wanuyu mwangomupatsa moni."

"Ndamuona. Alibe kanthu."

"Diresi lake likulemera mbali imodzi. Kapena ndi maso angawa, nawonso mungu wawalowa."

Aphunzitsi asanu ndi atatu ankayang'ana, ahedi ali pa sitepe atavala jekete la masiku akuluakulu. Pali zambiri zimene munthu akanatha kunena pamenepo. Akanati ndi mwana wanga, akanati amabanika, akanati ndikufotokozerani ku ofesi. Madamu anaziganiza zonsezo pambuyo pake, masiku ambiri. Pa nthawiyo m'mutu mwake munalibe kanthu, munkangomveka kukoza kwa supuni mu kapu ya tiyi. Anabwerera. Anagwada patsogolo pa mwana wake, anapisa dzanja pansi pa lamba, anamasula batani loyera lija. Sanachite kufufuza. Kabatani anayang'ana dzanjalo likupita molunjika pamalo pake.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Madamu ndi mawu a m'kalasi.

"Kapampu, Madamu."

"Lamulo likuti chiyani?"

"Mwana asasunge mankhwala, Madamu."

Ahedi anatsika pa sitepe, ndipo anauza sukulu yonse kuti ione chitsanzo cha mphunzitsi amene sakondera ngakhale magazi ake. Ana anawomba m'manja chifukwa anauzidwa kuti awombe. Kapampu kanalowa mu envelopu momwe munali kanzake, kabati inatsekedwa. Madamu anadziuza kuti akakatenga poweruka, ndi maola asanu okha. Kenako ahedi anakwera njinga kupita kukachingamira alendo ku msewu waukulu, poopa kuti angasochere pa mphambano.

Cha m'ma teni koloko mphepo inadzuka. Inagwedeza mitengo yonse ija, ndipo bwalo limene ana anasesa m'mawa linachita chikasu ngati sanalisese chiyambire chaka. Adepute anaimba belu okha.

"Aliyense tsache. Alendo asapeze nyansi izi."

Madamu anali pamwamba pa desiki akukhoma zithunzi za kasambidwe ka m'manja. Anamva ana akutuluka. Anamva matsache. Pa windo fumbi linkaoneka ngati utsi wa munthu wootcha zinyalala. Anakhoma chithunzi cha sopo, anakhoma cha madzi oyenda, ndipo akufunafuna msomali wa chachitatu mwana wina anaima pakhomo.

"Madamu, Kabatani wakhala pansi. Akukana kudzuka."

Anamupeza pa mizu ya mtengo, tsache lili pamiyendo. Likhweru linalipo koma lochepa, lochokera kutali. Dzanja la mwanayo linali pansi pa lamba, likufufuza m'kathumba kopanda kanthu. Madamu anamunyamula. Mapazi sanawerenge.

Ofesi inali yotsegula, kabati yotseka. Adepute anabwera akupukuta manja.

"Kiyi," anatero Madamu.

"Ali ndi ahedi. Dikirani ndiwaimbire."

Anaimba. Foni ya ahedi inalira pomwepo pa tebulo, ili pa chaja, nyimbo yake yosangalatsa. Anaileka kuti ilire mpaka inasiya yokha.

"Ali m'njira, sachedwa," anatero adepute. Mawu awo anali atachepa. "Mupatseni madzi. Mukupizeni ndi kope."

"Tithyole."

"Ndi katundu wa sukulu, Madamu. Alendo akalowa muno n'kupeza kabati yophwanyika, tinena kuti chiyani? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi zisanu zokha."

Anthu amati zikatere mtima umagunda ngati ng'oma. Wa Madamu unangoti zii. Anakhala pa mpando wa alendo mwana ali pamiyendo, akumva nthiti zazing'ono zikukoka chinthu chosabwera. Pakhomo lotsegula ankaona chipepala chija pa khoma. Anaona kuti chilembo chachikulu choyamba anachikongoletsa ndi kamchira. Anaona kuti mzere wachitatu unapendekera pang'ono kumanja. Milomo ya Kabatani inayamba kuda.

Amene anathetsa nkhaniyo ndi alonda, bambo wachikulire amene tsikulo anawasunga masana kuti apake laimu miyala ya m'mbali mwa njira. Analowa manja ali mbuu, atanyamula chitsulo chokumbira maenje.

"Pepani amayi, tapatukani."

"Alonda, mwauzidwa ndi ndani?" anafunsa adepute.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, amayi. Ine ndamva."

Anamenya katatu. Kachinayi chitseko chinapindika n'kutseguka. Envelopu inali pa shelefu yachiwiri, yolembedwa ndi dzanja labwino lija, timapampu tiwiri tili mkati ngati mapasa. Madamu anafinya m'kamwa mwa mwana, anafinyanso, anafinyanso. Koma mankhwala amenewa amafuna munthu woti awakoke, ndipo Kabatani analibe chokokera.

Nthawi yomweyo galimoto ya alendo inalowa pa geti, ahedi ali kutsogolo pa njinga. Ana a kwaya anali atauzidwa kuti galimoto ikangooneka ayambe nyimbo yolandirira alendo, ndipo anayambadi. Madamu anadutsa pakati pa mizere yawo atanyamula mwana, mutu wa mwanayo ukulendewera, nyimbo ikupitirira chifukwa panalibe amene anawauza kuti asiye. Dalaivala anali munthu wanzeru. Anangotsegula chitseko chakumbuyo, alendo asanatsike n'komwe bwinobwino.

Kuchipatala anamulanda mwana m'manja n'kumuveka chophimba kumaso cholumikiza ku botolo la mpweya. Namwino wina ankalemba.

"Mwana wa mphumu nyengo ino, ndiye alibe kapampu?"

"Ali nato tiwiri."

"Nanga tinali kuti?"

"Mu kabati."

Namwino anamuyang'ana, anayang'ana choko chimene chinali pa siketi yake, n'kupitiriza kulemba.

Atelala anafika tepi yoyezera idakali m'khosi. Anaima kumapazi kwa bedi nthawi yaitali. Diresi la yunifomu linali pa mpando, ndipo analitenga, analitembenuza, n'kuona batani loyera lili lomasula. Silinaduke, ulusi sunasololoke. Linamasulidwa bwinobwino ndi munthu wodziwa pamene lili.

"Kathumbaka anakapeza ndani?"

"Ine."

"Munadziwa liti?"

"Lamlungu lija ndinkasita."

"Ndiye sabata yonse munali chete."

"Eya."

"Ine ndimati mwagwirizana nane." Anapinda diresi lija mosamala, manja kaye, kenako pakati. "Ndimati pakamwa pokha ndi pamene pakuuma."

"Adepute anali pambuyo panga. Sukulu yonse inkayang'ana."

"Inkayang'ana."

"Ndimati ndikatenga poweruka."

"Ee. Poweruka."

Madamu ankafuna kuti amukalipire, amutukwane pamaso pa odwala onse, mwina akanalira. Koma atelala anangokoka mpando n'kukhala mbali ina ya bedi, ndipo anakhala choncho masiku atatu, mwana pakati. Dokotala anati akanachedwa mphindi khumi zina bwenzi tikunena zina. Madamu anamva mawuwo ngati akunena za mwana wa munthu wina.

Tsiku lachitatu kunabwera ahedi ndi jumbo ya malalanje. Anali ataonda kumaso, ndipo anapepesa kwa nthawi yaitali, moona mtima ndithu. Kenako anamuitanira Madamu pa khonde la wodi.

"Madzi akatayika saoleka, Madamu. Chachikulu mwana ali moyo. Alendo anachita chidwi ndi bwalo lathu, ndikuuzeni. Kabati tinaiphimba ndi nsalu ya pa tebulo, sanaone kanthu." Anatsokomola pang'ono, nawonso mungu unali utawagwira. "Koma afunsa lipoti, popeza galimoto yawo ndi imene inanyamula wodwala. Ndimati mulembe ndinu, monga kholo komanso mphunzitsi. Mungonena kuti mwana anachoka kunyumba asakupeza bwino. Si bodza kwenikweni, matendawa ndi akale."

"Nanga alonda?"

"Tawapatsa chenjezo chabe. Anaphwanya katundu popanda chilolezo, ndiye buku liyenera kuonetsa kanthu. Koma ntchito sitiwachotsa." Anamwetulira ngati munthu wobweretsa mphatso. "Ndipo taphunzirapo kanthu. Kuyambira tsopano makiyi akhala awiri, wina kwa ine, wina kwa adepute. Mutu umodzi susenza denga. Chipepala chija chifunika kulembedwanso, ndabwera nacho chatsopano. Palibe wina wa dzanja ngati lanu."

Anamupatsa chipepala choyera chokulunga, chomanga ndi mphira. Madamu anachilandira ndi manja awiri, monga anazolowera.

"Ndamva," anatero.

Kabatani anatuluka Lachisanu. Kunyumba anagona kwambiri, anadya pang'ono, ndipo ankayankha mafunso ndi mutu. Madamu anaika timapampu tiwiri pa shelefu pamene mwana angafikire. Anatseka mawindo a mbali ya mphepo, anathira madzi pabwalo asanasese, anachapa makatani. Ntchito zonsezi ankazigwira bwino, ngati munthu wolembedwa ganyu m'nyumba ya eni. Chipepala chinakhala pa tebulo chili chokulunga. Lipoti sanalembe, komanso sanakane kulemba.

Lamlungu masana anamva makina akulira kuchipinda chosokera. Anathira tiyi m'makapu awiri, ya mwana yamkaka wambiri, n'kunyamula pa thireyi. Podutsa pa shelefu anaona kuti patsala kapampu kamodzi. Chinachake chinamasuka pang'ono pachifuwa pake, koyamba sabata yonseyo. Anaganiza zoti alowe anene kuti sokani, sokani kolimba, mawa ndikamuveka ndekha ndipo wofuna kumupapasa ayambe wapapasa ine. Mawuwo anawakonza bwinobwino ali m'njira.

Chitseko chinali chotsekedwa mosafikitsa. Atelala anali ataweramira diresi la yunifomu, Kabatani ataima pambali pawo atagwira chitini cha mabatani. Kathumba kakale anali atakasula. Katsopano ankakasokera kwina, ndipo msana wa atelala unkatchinga, moti Madamu sanathe kuona kuti ndi pati.

"Apa sipakukanda?" anafunsa atelala.

"Ayi."

"Dzanja likufika?"

"Likufika." Mwanayo anasankha batani m'chitini n'kuwapatsa. Kenako anayandikira khutu la bambo ake, koma mawu a mwana wochira kumene sadziwa kunong'ona. "Ababa, diresili muzisita ndinu. Musawauze Madamu pamene pali."

Makina anaima.

"Kuno ndi kunyumba, mwanawe. Kuno ndi Amayi."

Kabatani ankasanja mabatani pa chivindikiro, ofiira paokha, oyera paokha.

Madamu anaima kuseri kwa chitseko mpaka makina anayambanso kulira. Anabwerera ndi thireyi ija n'kuiika pa tebulo, pafupi ndi chipepala chokulunga. Mungu unali utalowabe ngakhale mawindo anali otseka, unali utayala pa tebulo ponse. Anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta, ndipo tiyi anazizira m'makapu onse awiri.